Mphako Pansi pa Munda wa a Tae-gon

Ndinafika m'mudzi umenewo, kumpoto chakum'mawa kwa chilumba cha Jeju, nyengo yozula karoti itangoyamba. Sitima za nsomba zinali zitanditopetsa, ndipo wina padoko anandiuza za nkhalamba yosowa munthu woinyamulira matumba. Nkhalambayo inali a Hyon Tae-gon. Anandipatsa nyumba yakunja, imene mwana wamwamuna akanakhalamo, poti iwo anali ndi mwana mmodzi yekha, Ok-hui, ndipo anakwatiwa kutsidya kwa msewu.

Pakati pa munda wawo panali manda a akazi awo, ozingidwa ndi mpanda wa miyala yakuda wofika m'chiuno, monga alili manda onse kumeneko. Thirakitala inkachita kuwalambalala. Mkati mwa mpandawo munali mtumbira umodzi, ndi kamalo ka udzu pambali pake kokwanira munthu wina. Kamaloko kanali ka a Tae-gon, ndipo sanali nako kutali. Dokotala wa m'tauni anali atawauza za chiwindi chawo: maluwa a nyengo yofunda mwina adzawaona, koma karoti wa chaka chamawa adzazula ndi ena. Iwo nkhaniyi sankaibisa. Masana ankadyera mpunga wawo atatsamira mpandawo, n'kumaloza udzuwo ndi timitengo todyera, amvekere nyumba yawo yatsopano ilibe denga lodontha.

Tsiku lina amuna a zamagetsi ankakumba dzenje la pholo m'mphepete mwa msewu, kumunsi kwa mundawo. Chitsulo chawo chokumbira chinangowapulumuka m'manja n'kumira, ndipo anachimva chikugunda pansi patapita kanthawi. Pabowopo panayamba kutuluka mpweya wofunda, wa fungo la mwala wonyowa. Amayi ozula karoti anabwera kudzasuzumira. Wina anati mwina mwamuna wa mnzake, amene anathawa ukwati kalekale, ali m'menemo. Mwini mwamunayo anati ngati ali m'menemo atsekepo msanga ndi simenti.

Mapanga kumeneko si chinthu chachilendo. Madzi a mvula sakhalitsa m'minda, amangolowa m'ming'alu, ndipo ana amakula akudziwa kuti pansi pali pogogoma. Koma phanga ili linalibe khomo, munthu anali asanalowemo chilengedwere. Posakhalitsa kunabwera anthu a ku yunivesite ndi makwerero, zingwe ndi zipewa za matochi. Wowatsogolera anali mayi wina wamng'ono thupi, a Yang Hye-rim, wosakonda kulankhula zambiri. Ankalowa m'mawa, n'kutuluka madzulo mawondo ali matope okhaokha.

Amene anabweretsa nkhawa anali a Mun, mkulu woona malo a manda, mnzawo wa a Tae-gon kuyambira ali ana. Anafika pamunda ndi kampasi yawo yamatabwa m'thumba la jekete, anaima pabowo paja, anayang'ana kumene kunali manda, kenako anayamwa mano. Anati pansi pa munthu wogona payenera kukhala nthaka yogwirana. Pakakhala mphako pamayenda mphepo, ndipo mafupa ogona pa mphepo amada ngati makala, mizu imawakulunga, mwini wake sapeza tulo, ndiye amayamba kusowetsa mtendere ana ndi adzukulu.

"Malowa anasankha ndi bambo ako, iwe," anatero a Tae-gon.

"Bambo anga ankaona pamwamba. Analibe makwerero."

"Ndiye nkhumba ija tinawapatsa ubweze."

"Anaidya ndi inu nomwe, achimwene. Munatenga mwendo wonse."

Anaseka onse awiri, koma madzulo ake a Tae-gon sanadye. Ok-hui atamva anakalipa. Anati amayi ake agona pamenepo zaka zambiri popanda kudandaulira aliyense, ana ake ali bwino kusukulu, karoti akubereka, nanga a Mun akufuna chiyani. Bambo ake anamufunsa kuti nanga chiwindi chawo chinachokera kuti. Iye anati chinachokera m'mabotolo a mowa wa soju amene ali mulu kuseri kwa khola. Nkhani inathera pomwepo tsiku limenelo.

M'mawa mwake a Tae-gon anakadikira a Yang pabowo. Ine ndinali nawo, nditanyamula manachesi oti tiwapatse. Funso lawo linali limodzi: kodi phangalo likudutsa pansi pa manda aja kapena ayi.

A Yang anakhala pa thumba la karoti n'kuyamba kujambula pamchenga ndi chala. Anati kalekale, anthu kulibe, kaphiri kena ka kumtunda kwa mudziwo kanasanza chiphalaphala cha moto, ndipo chinatsetsereka kulowera kunyanja ngati mtsinje. Pamwamba pake, pokhudzana ndi mphepo, panazizira n'kuuma, koma mkati chinapitiriza kuyenda chili chamadzimadzi. Kaphiriko katasiya kusanza, za mkatizo zinakhuthukira kunyanja, n'kutsala mphako yaitali ngati bango. Anati mapanga amene midzi ya kumtunda imawatcha mayina osiyanasiyana mwina ndi mphako imodzi yomweyo, yongoduka m'malo momwe denga linagwa. Kumtunda anali atayenda mpaka pamene mchenga unatseka njira. Kumunsi anafika pa dziwe lakuya, lamadzi okoma pamwamba ndi amchere pansi, kusonyeza kuti mphakoyo imapitirira mpaka pansi pa nyanja. Kumene imathera sankadziwa.

"Za kunyanja zisiyeni, aphunzitsi," anatero a Tae-gon. "Ine ndikufunsa za apo."

A Yang anati phangalo likulowera chakumunda ndithu, ndipo lili ndi nthambi. Koma mwala wa kumeneko uli ndi chitsulo chimene chimanamiza kampasi, moti mapu awo akhoza kuphonya ndi mtunda wa nyumba imodzi kapena ziwiri. Makina oyezera bwino adzabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja nyengo yofunda ikayamba.

"Nyengo yofunda ine ndili ndi ulendo wina."

Mayiyo anawayang'ana kumaso, ndipo ndikuganiza kuti anamvetsa. Anati pali njira yachikale. Wina aime pamanda azimenya mwala ndi chitsulo, ena akhale pansi akumvetsera. "Denga la kumeneko si lochindikala, samchun. Ngati tili pansi pake tidzamva." Kumeneko wamkulu aliyense ndi samchun, kaya ndi mbale wako kaya ayi.

Njirayo inali yapafupi, koma sikanatheka tsiku lomwelo kapena mwezi womwewo. Palibe munthu wa pachilumbapo amene angamenye chitsulo pamanda milungu ili pompo. Kumapeto kwa Januwale ndi pamene milungu yonse, wa kukhitchini, wa kuchimbudzi, wa pampanda, wa nthaka, imakwera kumwamba kukanena za chaka chathacho ndi kukalandira malo atsopano. Kwa masiku ochepa amenewo dziko limakhala lopanda woliyang'anira. Ndiye anthu amasamuka nyumba, amagwetsa zimbudzi, amadula mitengo ya pakhomo, amasuntha miyala ya manda, popanda wowalanga. Masikuwo akatha, chilichonse chimadikira chaka china. Choncho kumenya chitsuloko, ndi kusamutsa mafupa ngati kukanafunika, zonse zinayenera kulowa m'sabata imodzi imeneyo.

Tinadikira. Karoti anatha m'munda, mphepo ya kunyanja inakula, a Tae-gon anayamba kumanga lamba pa bowo latsopano. A Mun sanakhale chete. Anakwera kaphiri kena ka kumadzulo n'kupeza malo a dothi lofiira, oyang'ana kum'mwera, okwanira anthu awiri, ndipo anauza okumba kuti akhale okonzeka. Ok-hui anasiya kuwapatsa moni.

Milungu itakwera, misewu inadzaza ndi malole onyamula makabati ndi mafiriji. Ife tinapita pabowo m'mawa. Ok-hui anati ngati pali woti amenye pamutu pa amayi ake ndi iyeyo, osati mlendo, ndipo anatenga chitsulo n'kupita kumanda. A Tae-gon anakana kutsala kumtunda. A Yang anawaveka chipewa, anawamanga chingwe m'chiuno, ndipo anatsika makwerero pang'onopang'ono, ine ndili pansi pawo kuwagwira mapazi.

Pansipo panali pofunda kuposa kunja. Ndalowapo m'migodi ndi m'mimba mwa sitima zikuluzikulu, koma mdima wa m'menemo unali wamtundu wina, unkameza kuwala kwa tochi. Mphakoyo inali yotakata moti basi ikanayendamo, denga lake lozungulira. Pansi panali mwala wopotanapotana ngati zingwe za asodzi zounjikidwa, wokola nsapato. M'makoma munali mizere yoongoka, wina pamwamba pa unzake, ndipo a Yang anati mzere uliwonse ndi pamene mtsinje wa motowo unalekeza pamene unkaphwa. Pena panali mashelefu a mwala m'mbali, pena denga linali ndi mano akuda ang'onoang'ono, pamene mwala unasungunuka n'kuuma usanadonthe. A Tae-gon sanayang'ane zimenezi. Ankangofunsa ngati tafika.

Tinakhota kulowa nthambi ya kumanja, yocheperako, ndipo kumeneko zinthu zinasintha. Makoma akuda aja anali oyera ngati apakidwa laimu. Kudenga kunkalendewera timapaipi toyera, toonda ngati mapesi a udzu, tambirimbiri, tina tofika m'mapewa, ndipo kumapeto kwa kalikonse kunali dontho la madzi. Pakati pake pankalendewera mizu yeniyeni, ina yakuda, ina itakutidwa kale ndi zoyerazo. A Yang anatiuza kuti tisakhudze kanthu. Anati mchenga wa m'minda ya kumtundako ndi zigoba za nkhono zoperapera zimene mphepo inabweretsa kuchokera kugombe. Mvula imasungunula zigobazo, madzi amatsata mizu kulowa m'ming'alu, ndipo amasiya laimu wawo kuno. Anati mapanga a moto ambiri sakhala ndi zimenezi. Mawu awo anali a munthu wokondwa, ngakhale ankayesa kubisa.

Anatiimitsa, tinazimitsa matochi kuti makutu amve bwino. Kwa nthawi ndithu kunali madontho okha. Kenako kunamveka kugunda kwapansipansi, chakutsogolo. Tinayatsa, tinayenda pang'ono, tinazimitsanso. Ulendo uno kunali pamutu penipeni. Ok-hui ankamenya mwaukali, ndipo kugunda kulikonse madontho ankagwa ambiri nthawi imodzi. Limodzi linagwera a Tae-gon pamphuno.

Anayatsa tochi n'kuyang'ana kudenga, pa mizu ndi madziwo, kwa nthawi yaitali.

"Ndiye wakhala akugona pamenepa," anatero.

A Yang anayamba kunena kuti pakati pa denga ndi bokosi pali mwala ndi mchenga wokwanira, koma a Tae-gon anawafunsa ngati angalumbire kuti mafupawo ali bwino. Mayiyo anati iwo amadziwa miyala, za mafupa sangalumbire. Tinabwerera.

Ok-hui anakana zosamutsa mafupawo mpaka tsiku lomaliza. Anati bambo ake aona madzi akudontha ndipo akuganiza kuti akudonthera m'mwamba. Anati amayi ake moyo wawo wonse ankalowa m'nyanja kukatola nkhono m'miyezi yozizira, sangaope kamphepo. Koma manda ndi a mwamuna wake wa womwalirayo, ndipo a Tae-gon anali atanena. Dzenje la kukaphiri linakumbidwa. Anaphika nkhumba ndi msuzi wa ndere za m'nyanja woti okumba adye.

Tinafukula kutatsala tsiku limodzi kuti milungu ibwere. A Mun anathira mowa, anauza womwalirayo katatu kuti asadzidzimuke, nyumba ikuphwasulidwa. Anakunga chinsalu pamwamba kuti dzuwa lisaone mafupa, ndipo pambali anayala thabwa ndi mapepala oyera oti awakulungire. Okumba anali amuna awiri a mudzi wapafupi amene ntchito yawo ndi imeneyi. Ankacheza za mpira pamene ankachotsa mtumbira, koma atafika pa matabwa anasiya mafosholo n'kuyamba kupala ndi manja.

Mchengawo unali wouma. Atatukula thabwa loyamba, panatuluka kanthunzi kochepa, kofunda, kanakwera n'kutha. Wokumba wamkulu anasuzumira, anabwerera m'mbuyo, n'kuvula chipewa.

Mafupawo anali achikasu. Osati oderako, koma achikasu ngati sera wa njuchi, oyera bwino, osalala, aliyense pamalo pake. Panalibe muzu ngakhale umodzi, panalibe madzi, panalibe chiswe. Madzi onse a mvula ya zaka zimenezo ankangodutsa n'kutsikira kuphanga, osaima, ndipo kampweya kofunda kochokera pansi kankasunga malowo chisanu chisalowe.

Aliyense pamenepo ankadziwa tanthauzo lake. Mafupa achikasu ndi amene oona malo amasakasaka moyo wawo wonse. Ndi umboni wakuti munthu anagona pamalo abwino koposa, amene banja limapeza kamodzi pa mibadwo ingapo. A Mun anagwada m'mphepete, kampasi ili m'manja. Anati chiyambire ntchitoyi anaonapo zotere kamodzi kokha, ali mnyamata wonyamulira bambo awo thumba.

"Kwirirani," anatero a Tae-gon. "Bwezerani thabwalo, kwirirani."

Okumbawo sanasunthe. A Mun anati sizitheka. Kanthunzi kaja ndiye kanali mphamvu ya malowo, ndipo katuluka. Dzenje lotsegulidwa ndi dzenje lakufa. Mafupa akabwezeredwamo adzada chaka chisanathe. Chotsala n'kuwatola, kupita nawo kukaphiri, ndipo m'dzenjemo aikemo dzira, kachitsulo ndi kanthambi, monga amachitira, kuti mizimu yosochera isapeze pogona.

Ok-hui sanalire. Anayang'ana a Mun n'kunena motsitsa mawu: "Samchun, bambo anu analibe makwerero, koma ankaona."

Okumba anayamba kutola mafupa, kuyambira kumapazi, kuwapukuta ndi kuwayala pathabwa. Ntchito imeneyi siifulumira. A Tae-gon anakhala pa mpanda, manja ali pa mawondo. Ine ndinkaganiza kuti akomoka, ndipo ndinaima pafupi. Koma maso awo sanali padzenje. Anali pa kamalo ka udzu kaja.

"Mun."

"Achimwene."

"Apa sitinakumbepo."

A Mun anatembenuka. Anaimirira, anaika kampasi pa udzupo, anaizungulira, anagwada, anafukula kamchenga ndi chala n'kukanunkhiza. Anati n'zoona, pamenepo mphamvu ikadalipo, mwala wake ndi womwewo, mphako yake ndi yomweyo. Anati ndi mwayi waukulu: mayi apite kukaphiri, ndipo a Tae-gon nthawi yawo ikafika adzagone pamenepa, adzukulu adzadya bwino.

"Ndigone pabwino ine, amene ndamuchotsa iyeyo? Muikeni apa."

"Nanga inu?"

A Tae-gon analoza dzenje lotsegula lija ndi chibwano.

Apa ndiye a Mun anakwiya zenizeni. Anati munthu salowa m'dzenje limene mwatuluka wina. Anati mbali ya mwamuna ndi ya mwamuna, ya mkazi ndi ya mkazi, zikasinthana ndiye kuti manda avala malaya chakumbuyo, ndipo mudzi wonse udzaseka iwo a Mun, osati womwalirayo. Anati mafupa a a Tae-gon adzada ngati pansi pa poto. A Tae-gon anati chiwindi chawo chinada kale, mafupa akangotsatira. Anafunsanso ngati kuda kwawoko kungafike kwa adzukulu, poti pambali pawo padzakhala pali achikasu. A Mun anaganiza nthawi yaitali, n'kunena kuti zimenezo m'mabuku mulibe, chifukwa palibe munthu wamisala anayesapo.

"Ndiye ulembemo," anatero a Tae-gon.

Wokumba wamkulu anati iye sakumba popanda woona malo kuloza mzere. A Mun anaika kampasi m'thumba n'kupinda manja. Dzuwa linali litapendeka, ndipo mawa lake madzulo milungu inali kubwera. Ok-hui anatola fosholo, analowa mumpanda, anaiponda pa udzu wa bambo ake n'kutembenuza chibuma choyamba. Anachiika pambali bwinobwino, udzu uli m'mwamba, n'kupondanso.

"Wapotoza," anatero a Mun patapita kanthawi. "Mutu uloze uko. Iwe, mwana iwe, wapotoza ndati. Bweretsa chingwe."

A Mun anakhoma zikhomo okha, akung'ung'udza. Okumba analanda fosholo kwa Ok-hui. Dzuwa lisanalowe amayi a Ok-hui anali atagona m'nyumba yatsopano, mtunda wa mkono umodzi kuchokera pa yakale, ndipo nkhumba imene inayenera kudyedwa kukaphiri tinaidyera m'munda momwemo, titabisala mphepo kuseri kwa mpanda. Dzenje lakale sanaikemo dzira. Analivundikira ndi malata, n'kutsinjiza miyala.

A Yang anapitiriza kuyeza mpaka mvula ya nyengo yotentha. Makina awo atabwera anapeza nthambi zina ziwiri, imodzi yodutsa pansi pa sukulu, ndipo anthu olowa m'madzi amene anawaitana anasambira m'dziwe lija mpaka mpweya unawathera, osaona mathero. Pabowo paja anaikapo chitseko chachitsulo ndi loko.

A Tae-gon anamwalira maluwa achikasu a m'minda atayamba kuyoyoka. Malata aja anachotsedwa. M'dzenjemo munali mutagwera mchenga pang'ono, ndipo okumba omwe aja anauchotsa ndi manja. A Mun anali atanena m'mudzi monse kuti sadzapondako. Anabwera mochedwa, anaima kunja kwa mpanda, ndipo bokosi likutsika anauza onyamula kuti alikankhire pang'ono kumanzere.